Sikelo kapena khutu: ampulifaya yabwino tingaidziwe bwanji?

Aliyense amene anafikapo pa msika wa Limbuli, m'mbali mwa mseu wochokera pa boma la Mulanje kupita ku chipata cha Muloza, akudziwa kuti msikawu umayamba kumveka usanaoneke. Pakati pa ogulitsa chimanga, nandolo ndi nsalu, ndiponso amalonda ochokera tsidya lina ku Milange m'dziko la Mozambique, pamakhala ogulitsa mawailesi, masipika ndi maampulifaya, ndipo aliyense amakweza nyimbo kuti apose mnzake. Ndi m'malo otere, kapena m'masitolo a ku Limbe ndi ku Blantyre, m'mene makomiti a matchalitchi athu, makwaya, sukulu ndi magulu a achinyamata amakagula zimkuzamau ndi ndalama zimene anthu asonkha movutikira kwa miyezi yambiri.

Kawirikawiri nthumwi zikafika pa sitolo zimagawikana pawiri. Wina, mwina mphunzitsi, amatembenuza katoni ndi kuyamba kuwerenga manambala, nanena kuti yabwino ndi imene ili ndi mawati ambiri. Wina, mwina mkulu wa kwaya, amati manambala alibe ntchito, aiyatse basi kuti makutu aweruze. Onse awiri ali ndi mfundo, ndipo onse awiri angathe kupusitsidwa. Zotsatira zake timazidziwa: agogo okhala kumbuyo amatuluka osamva zimene zawerengedwa, ampulifaya imapsa isanathe miyezi itatu, ndipo anthu amayamba kunong'onezana kuti komiti inadya ndalama pamene inangogula mosadziwa.

Mkangano umenewu si wa kuno kokha. Akatswiri a ku Ulaya ndi ku America akhala akutsutsana pa nkhani yomweyi kwa zaka zoposa 60, ndipo zimene anapeza zingatithandize. Mwachidule, miyeso imatiuza ngati ampulifaya ili yoona ndi yamphamvu, pamene makutu ndiwo amatiuza ngati mau akumveka kwa anthu. Koma makutuwo amayenera kuikidwa pa mwambo, apo ayi amatinamiza. Tiyeni tione bwino lomwe.

Ntchito ya ampulifaya

Munthu akamalankhula, mpweya umanjenjemera. Maiki imasandutsa kunjenjemerako kukhala mphamvu yamagetsi yochepa kwambiri, yosakwanira kugwedeza sipika. Ntchito ya ampulifaya ndi kutenga mphamvu yochepayo ndi kuikulitsa, pogwiritsa ntchito magetsi ochokera ku ESCOM, ku jenereta kapena ku batire, kenaka kuipereka ku sipika, imene imaisandutsanso kukhala mau. Ampulifaya yabwino ili ngati mthenga wokhulupirika: imafikitsa uthenga monga inaulandirira, osaonjezapo kanthu, osachotsapo kanthu, kusiyana kwake n'kwakuti imaufikitsa mokweza.

Maampulifaya oyamba ankagwiritsa ntchito mababu apadera otchedwa mavavu, amene chiyambi chake ndi chipangizo chimene Lee de Forest anapanga m'chaka cha 1906. Vuto lawo linali lakuti ankapotoza mau. M'chaka cha 1927, Harold Black, katswiri wa ku Bell Laboratories ku America, anapeza njira yobwezera gawo la mphamvu yotuluka ku khomo lolowera, motembenuza, kuti ampulifaya izidzikonza yokha. Njira imeneyi ikugwiritsidwabe ntchito m'maampulifaya ambiri mpaka lero. M'chaka cha 1947, ku malo omwewo, kunapangidwa thiranzisita, imene inachititsa kuti zipangizozi zikhale zazing'ono, zotsika mtengo ndi zotha kuyendera batire.

Popeza ntchito ya ampulifaya ndi ya magetsi, n'zotheka kuiyeza: kuyerekeza zimene zalowa ndi zimene zatuluka, ndi kulemba kusiyana kwake m'manambala. Apa ndi pamene pagona mfundo ya anthu okhulupirira miyeso.

Zimene manambala amanena

Nambala yoyamba imene aliyense amayang'ana ndi ya mawati, ndiko kuti mphamvu imene ampulifaya ingapereke ku sipika. Apa pali zinthu ziwiri zoyenera kudziwa. Choyamba, khutu silimva mphamvu monga m'mene sikelo imawerengera makilogalamu. Kukula kwa mau kumayezedwa m'madesibelo, dzina lochokera kwa Alexander Graham Bell. Mukachulukitsa mawati kawiri, kuchoka pa 100 kufika pa 200, mau amakwera ndi madesibelo 3 okha, kusintha kumene munthu amakumva koma ndi kochepa. Kuti mau amveke ngati akula kawiri, pamafunika madesibelo pafupifupi 10, ndiye kuti mawati ochuluka ka 10. Motero komiti imene yaonjeza ndalama zambiri kuti igule ya mawati 300 m'malo mwa ya 250 yagula kusiyana kumene palibe amene adzakuzindikire.

Chachiwiri, mawati olembedwa pa katoni si onse amene ali oona. Mukaona zilembo zakuti PMPO pambali pa nambala yaikulu monga 5,000, dziwani kuti palibe muyeso wogwirizana umene opanga onse amatsata polemba nambala imeneyo. Ndi yokopera ogula basi. Nambala yothandiza ndi ya mphamvu imene ampulifaya ingapereke mosalekeza, imene kawirikawiri imalembedwa kuti RMS. Chinyengo chimenechi n'chakale. Ku America chinafika poipa kotero kuti m'chaka cha 1974 bungwe la boma loona zamalonda la Federal Trade Commission linakhazikitsa lamulo lokakamiza ogulitsa maampulifaya a m'nyumba kulemba mphamvu yosalekeza, mtundu wa sipika imene ayezera, ndiponso kuchuluka kwa kupotoka kwa mau.

Pali njira yapafupi yogwirira bodza la pa katoni, imene ngakhale mwana wa sukulu angaitsate. Ampulifaya singatulutse mphamvu yoposa imene ikulandira. Yang'anani fyuzi kumbuyo kwake. Ngati ndi ya maampu 3, ndipo magetsi athu ndi a mavolti 230, chulukitsani manambala awiriwo: mupeza 690. Chipangizo chimenecho sichingapereke mosalekeza mawati oposa pamenepo, ndipo kunena zoona chimapereka ochepera, chifukwa mphamvu ina imasanduka kutentha. Yoyendera batire ya mavolti 12 yokhala ndi fyuzi ya maampu 10 singapose mawati 120, ngakhale pa katoni atalembapo 2,000. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Nambala ina ndi ya kupotoka kwa mau, imene imalembedwa kuti THD, m'maperesenti. Ampulifaya yopangidwa bwino, ikamagwira ntchito mosapyola mphamvu zake, imapotoza mau mochepera 0.1 peresenti, ndipo khutu silingazindikire zimenezo. Opanga ena amalemba mawati awo pamene kupotoka kwafika 10 peresenti, mau atayamba kale kusasa. Choncho mawati opanda nambala ya kupotoka pambali pake ndi nkhani yosatha. Komanso palibe chifukwa cholipirira ndalama zambiri kuti 0.01 ikhale 0.001, popeza sipika yomwe imapotoza mau kuposa pamenepo kutalitali.

Nambala yachitatu, imene anthu ambiri amainyalanyaza koma ndiyo imapsetsa zipangizo, ndi ya ma ohm. Imasonyeza kulemera kwa katundu amene sipika imasenzetsa ampulifaya, ndipo nambala ikamachepa katundu amakula. Masipika awiri a ma ohm 8 mukawalumikiza pa malo amodzi, waya wofiira ndi wofiira, wakuda ndi wakuda, amakhala ma ohm 4. Mukalumikiza anayi amakhala ma ohm 2. Ngati kumbuyo kwa ampulifaya analemba kuti isatsike pa 4, ndiye kuti masipika anayiwo aitenthetsa mpaka kupsa. Zimenezi khutu silingakuuzeni pa sitolo, chifukwa kwa mphindi zisanu zoyamba zonse zimamveka bwino.

Pamene makutu anatsogola

Nanga ngati manambala ali othandiza chotere, n'chifukwa chiyani anthu ena ozindikira anawakayikira? M'chaka cha 1962, J. Gordon Holt anayambitsa magazini yotchedwa Stereophile ku America, ndi mfundo yakuti chipangizo chomvetsera nyimbo chiziweruzidwa pochimvetsera. M'chaka cha 1973 Harry Pearson anayambitsa ina ya maganizo ofanana, The Absolute Sound. Mbali inayi kunali Julian Hirsch wa magazini ya Stereo Review, amene kwa zaka zambiri ankayeza zipangizo ndi makina ndi kusindikiza manambala ake.

A mbali ya makutu anali ndi chifukwa chomveka. M'zaka za m'ma 1960, maampulifaya oyamba a thiranzisita anali ndi manambala ooneka okoma kuposa a mavavu, koma anthu ambiri omvetsera ankadandaula kuti mau ake ndi olasa ndi otopetsa. Patapita nthawi zinadziwika kuti makutu sankanama. Ena mwa maampulifaya amenewo ankapotoza mau kwambiri akamaimba motsitsa, pamene oyeza ankayeza atakweza mpaka pamapeto. M'chaka cha 1970, katswiri wa ku Finland dzina lake Matti Otala anafotokoza mtundu wina wa kupotoka umene umachitika mau akasintha mwadzidzidzi, monga pa kugunda kwa ng'oma, ampulifaya n'kulephera kutsatira msanga. Akatswiri anzake anatsutsana naye pa mfundo zina, koma kuchokera pamenepo liwiro la ampulifaya linakhala chimodzi mwa zinthu zoyezedwa.

Phunziro lake ndi ili: makina amayankha funso lokhalo limene mwawafunsa. Ngati anthu ambiri akumva cholakwika chimene manambala sakusonyeza, mwina oyezawo sanayeze chinthu choyenera. Koma tionenso kuti cholakwikacho chitadziwika, chinapezeka kuti n'chotheka kuchiyeza. Khutu linaloza, sikelo inatsimikiza.

Pamene makutu ananamizidwa

Mbali inayo nayo ili ndi umboni wolemera. M'chaka cha 1982, David Clark anafotokoza m'magazini ya bungwe la Audio Engineering Society njira yoyesera yotchedwa ABX. Womvetsera amamva chipangizo choyamba, A, kenaka chachiwiri, B, kenaka X, chimene chili chimodzi mwa ziwirizo koma iye sakudziwa kuti n'chiti, ngakhalenso woyesayo sakudziwa. Akayesa kambirimbiri, zimaoneka ngati akumvadi kusiyana kapena akungolota.

M'mwezi wa Januwale 1987, magazini ya Stereo Review inasindikiza zotsatira za mayeso otere amene Clark anayendetsa. Panali maampulifaya osiyanasiyana, kuyambira ya Pioneer ya madola pafupifupi 220 mpaka ya mavavu ya madola 12,000. Onse anawaika pa mlingo umodzi wa kukula kwa mau, ndipo palibe imene anaikakamiza kupyola mphamvu zake. Omvetsera ena anali otsimikiza mtima kuti asiyanitsa, pakuti poona ndi maso ankamva kusiyana. Atabisa zipangizo, mayankho a gulu lonse sanasiyane kwenikweni ndi a munthu wongoponya ndalama m'mwamba.

Zaka ziwiri izi zisanachitike, m'chaka cha 1985, wopanga maampulifaya wina dzina lake Bob Carver anauza akonzi a Stereophile kuti asankhe ampulifaya iliyonse yodula, ndipo iye asintha yake yotsika mtengo kuti izimveka chimodzimodzi. Anasankha ya mavavu ya mtengo wokwera kwambiri. Carver anadyetsa maampulifaya awiriwo nyimbo imodzi, nachotsera zotuluka mu imodzi ku zotuluka mu inzake, kotero kuti chotsala chinali kusiyana kwawo kokha. Kenaka anasintha tizipangizo ta m'kati mwa yake mpaka chotsalacho chinatsala pang'ono kutheratu. Patatha masiku ochepa, akonzi aja, amene ankakhulupirira makutu awo, anavomera kuti sangathe kusiyanitsa. Izi zinasonyeza kuti kukoma kwa ampulifaya yodula sikunali matsenga. Kunali kusiyana kwa magetsi kotheka kuyeza ndi kutengera.

M'chaka cha 1994, Floyd Toole ndi Sean Olive, ofufuza a kampani ya Harman, anayesa masipika m'njira ziwiri: omvetsera akuwaona, ndiponso atabisidwa kuseri kwa nsalu. Anapeza kuti poona, anthu ankapereka malikisi ambiri kwa masipika aakulu, okongola ndi odula, ndipo ngakhale akatswiri ozolowera ntchitoyi ankakokedwa ndi maso awo.

N'chiyani chimanamiza khutu? Choyamba ndi kukula kwa mau. Mwa zipangizo ziwiri zofanana, imene yakwezedwa pang'ono, ngakhale ndi desibelo imodzi yokha, imamveka ngati yokoma ndi yodzaza. Harvey Fletcher ndi Wilden Munson anasonyeza m'chaka cha 1933 kuti khutu silimva bwino mabesi mau akakhala otsika, ndipo limayamba kuwamva mokwanira mau akakwera. Wogulitsa wochenjera amadziwa zimenezi ngakhale sanawerengepo za anthu awiriwa: imene akufuna kuti mugule amaikweza pang'ono. Chachiwiri ndi kuiwala. Tsatanetsatane wa kamvekedwe ka mau amakhala m'mutu kwa masekondi ochepa chabe, choncho kuyerekeza imene munamva ku Limbe dzulo ndi imene mukumva pa Limbuli lero n'kudzinamiza. Chachitatu ndi maso ndi mtima: dzina lotchuka, timagetsi tothwanima, kulemera kwa chitsulo. Kulemerako nakonso sikulinso umboni, popeza maampulifaya amakono a mtundu wa Class D ndi opepuka, satentha kwambiri, ndipo amapereka mphamvu zambiri posadya magetsi ochuluka.

Phunziro lochokera ku tiyi

Ife a ku Mulanje sitiyenera kupita kutali kuti timvetse nkhaniyi. Tiyi wakhala akulimidwa m'boma lino kuyambira m'zaka za m'ma 1890, ndipo ku Mimosa kuli malo ofufuzira za mbewuyi a Tea Research Foundation of Central Africa. M'fakitale ya tiyi zinthu zambiri zimayezedwa ndi makina: kulemera kwa masamba, kutentha kwa choumitsira, chinyezi chotsala m'tiyi wouma. Komabe tiyi asanagulitsidwe pa okishoni ku Limbe, amayamba walawidwa ndi anthu, pakuti tiyi amapangidwira pakamwa.

Koma taonani m'mene olawawo amachitira. Sathira tiyi mongoyerekeza ndi maso. Pali muyeso wa dziko lonse, wotchedwa ISO 3103, umene umati magalamu 2 a tiyi pa mamililita 100 a madzi owira, kwa mphindi 6, m'makapu ofanana. Akatero, kusiyana kumene lilime likumva ndi kwa tiyi weniweni, osati kwa kuchuluka kwa masamba kapena kutentha kwa madzi. Lilime ndilo limaweruza, koma sikelo ndi wotchi ndizo zimakonza bwalo la milandu. Chimodzimodzinso ndi ampulifaya: khutu liweruze, koma mau akhale pa mlingo umodzi, masipika akhale omwewo, nyimbo ikhale yomweyo, ndipo maso asalowererepo.

Nyumba nayo imalankhula

Pali mfundo ina imene mbali zonse ziwiri zimagwirizana. Mwa zinthu zonse zimene mau amadutsamo, kuchoka pakamwa pa wowerenga kufika m'khutu la womvera, ampulifaya ndiyo imasintha mau pang'ono kuposa zonse, malinga ngati ili yabwinobwino ndipo sikukakamizidwa. Zimene zimasintha mau kwambiri ndi maiki, masipika, malo amene masipikawo aikidwa, ndiponso nyumba.

M'chaka cha 1895, Wallace Sabine, mphunzitsi wachinyamata wa pa yunivesite ya Harvard, anapatsidwa ntchito yokonza holo ina ya Fogg Art Museum m'mene ophunzira sankamva zimene aphunzitsi ankanena. Iye ankagwira ntchito usiku kukakhala zii, ali ndi chitoliro cha limba, wotchi ndi makutu ake. Ankaliza chitolirocho, n'kuwerenga nthawi imene mau ankatenga kuti azilale, ndipo anapeza kuti inali yoposa masekondi 5. Kenaka ankabwereka makhushoni a mipando ku holo ina yapafupi, n'kuona m'mene nthawiyo inkachepera akamawaonjeza. Pamenepa ndi pamene panayambira sayansi ya kamvekedwe ka mau m'nyumba, ndipo inayamba ndi khutu ndi wotchi zikugwira ntchito limodzi.

Matchalitchi ndi maholo athu ambiri ndi a makoma a njerwa opaka pulasitala, pansi pa simenti, denga la malata lopanda siling'i. Zonsezi zimabweza mau. Liwu loyamba lisanazilale, lachiwiri ndi lachitatu afika kale, ndipo zonse zimasakanikirana. M'nyumba yotere, kuonjeza mawati kumangoonjeza chisokonezo. Chothandiza ndi kukweza masipika pamwamba pa mitu ya anthu ndi kuwalozetsa kwa anthuwo, osati ku khoma la kumbuyo kapena ku denga; kuika masipika ang'onoang'ono angapo m'mbali m'malo mwa aakulu awiri kutsogolo; kuchepetsa mabesi pa maiki ya wowerenga; ndi kuika masipika patsogolo pa maiki kuti asamalire mokuwa. Dziwaninso kuti matupi ndi zovala za anthu zimameza mau, choncho nyumba yopanda anthu imamveka mosiyana ndi yodzaza. Ndipo kuno kumene mvula imagwa yambiri, mkokomo wa pa malata uyenera kuganiziridwa.

Akatswiri ali ndi muyeso wa kumveka kwa mau olankhulidwa, wotchedwa STI, umene Tammo Houtgast ndi Herman Steeneken anakonza ku Netherlands m'zaka za m'ma 1970. Umayambira pa 0 kulekeza pa 1, ndipo kuyambira pa 0.6 kupita m'mwamba ndiye kuti mau akumveka bwino. Chochititsa chidwi n'chakuti muyesowu anautsimikiza pouyerekeza ndi mayeso a anthu enieni omvetsera mau ndi kulemba zimene amva. Makina oyezera STI ndi osowa kwathu kuno, koma mayeso a anthuwo tingathe kuwachita tokha, popanda kulipira kanthu.

Zoyenera kuchita komiti isanapereke ndalama

Poyamba, werengani kumbuyo kwa chipangizo, osati pa katoni pokha. Funani mawati a RMS, nambala ya ma ohm, ndi kukula kwa fyuzi, ndipo chitani masamu aja. Onetsetsani kuti masipika amene muli nawo, mukawalumikiza onse, sakutsika pa ma ohm amene ampulifaya ikulola. Ngati kwanuko mumadalira jenereta kapena batire ya sola, yesani chipangizocho pa magetsi omwewo, chifukwa magetsi akafooka ampulifaya zambiri zimayamba msanga kusasa.

Chachiwiri, pemphani wogulitsa kuti mukayesere m'nyumba imene chipangizocho chidzagwire ntchito, kapena mugwirizane polemba kuti mungathe kubweza ngati sichikukwanira. Phokoso la pa msika si malo oweruzira. Ngati mukuyerekeza maampulifaya awiri, gwiritsani ntchito masipika, maiki ndi nyimbo zomwezo. Linganizani kukula kwa mau. Foni zamakono zili ndi mapulogalamu oyezera madesibelo, amene ngakhale sali olondola kwenikweni amathandiza kulinganiza, ndipo wokonza mawailesi angachite bwino koposa poyeza mavolti pa mawaya a sipika ndi mita yake. Phimbani zipangizo ndi nsalu, ndipo wosintha mawaya asanene kuti tsopano ikuimba ndi iti. Ngati anthu sakutha kusiyanitsa, gulani yotsika mtengo mwa ziwirizo, malinga ndi yolimba, ndipo ndalama zotsala zipite ku masipika ndi maiki yabwino.

Chachitatu, chitani mayeso a mau. Lembani mndandanda wa mau 20 ofanana kamvekedwe, monga kola ndi khola, pala ndi phala, samba ndi tsamba, fula ndi vula, sula ndi zula. Mmodzi awerenge pa maiki mosatsata ndondomeko, atabisa pakamwa ndi pepala, ndipo ena akhale kutsogolo, pakati, kumbuyo ndi m'mbali, aliyense alembe chimene wamva. Kenaka werengani malikisi. Pa oyesawo pakhale amayi ndi abambo achikulire, chifukwa munthu akamakula amayamba kutaya mau okwera, m'mene muli zilembo monga s, f ndi ts, ndipo ndi iwowo amene amavutika koyamba. Mutu umodzi susenza denga, ndipo khutu la mkulu wa kwaya lokha silingaimire mpingo wonse. Mukasintha malo a masipika, bwerezani mayesowo, muone ngati malikisi akwera.

Chachinayi, isiyeni igwire ntchito kwa ola lathunthu pa mlingo umene mudzaigwiritsire ntchito. Igwireni ndi dzanja muone kutentha kwake. Zimitsani nyimbo ndi kumvetsera ngati masipika akung'ung'udza kapena kusokosa okha. Yang'anani kanyali kofiira kolembedwa kuti clip kapena peak: kakamayaka kawirikawiri ndiye kuti ampulifaya yafika pamapeto a mphamvu zake ndipo ikudula nsonga za mau. Mau otere ndi osasa, ndipo ndiwo amapsetsa timasipika tating'ono ta mau okwera. Apa nyali ndi khutu zimanena chinthu chimodzi, ndipo mankhwala ake ndi kutsitsa.

Chachisanu, funsani kuti ikaonongeka adzaikonza ndani, ndipo zipangizo zake zimapezeka kuti. Landirani risiti, ndipo lembani m'buku la komiti zonse zimene mwayesa ndi malikisi ake, kuti pofotokozera anthu amene anasonkha ndalama mukhale ndi umboni. Safunsa anadya phula.

Makutu ndi ofunika kuwasamala

Pali malo amodzi pamene khutu silingadziteteze lokha, ndipo tiyenera kumvera nambala. Khutu limazolowera phokoso, kotero kuti mau amene anali opweteka pa chiyambi cha mwambo amamveka abwinobwino patatha ola limodzi, koma kuonongeka kukupitirira m'kati. Bungwe loona zaumoyo pa dziko lonse la WHO limalangiza kuti munthu wamkulu asapitirire maola 40 pa sabata akumva mau a madesibelo 80, ndipo mau akakwera ndi madesibelo 3 nthawiyo imachepa ndi theka. Pa madesibelo 100, nthawi yake siikwana ngakhale theka la ola pa sabata. M'chaka cha 2022 bungweli linatulutsa malangizo akuti m'malo a zisangalalo ndi misonkhano mau asapyole madesibelo 100 pa avereji ya mphindi 15. Tikumbukire kuti amene amakhala pafupi ndi masipika m'misonkhano yathu kawirikawiri ndi ana. Ngati munthu akutuluka makutu akulira, kapena akuchita kukuwa kuti mnzake wapafupi amumve, mau apyola muyeso, ndipo tizigawo ta m'kati mwa khutu tikaonongeka sitimeranso.

Pomaliza, okondedwa awerengi, nthumwi ziwiri zija za pa sitolo siziyenera kukangana. Mphunzitsi awerenge manambala kuti tisagule bodza, tisapsetse chipangizo, ndiponso tisaononge makutu a ana athu. Mkulu wa kwaya amvetsere, koma amvetsere pamodzi ndi anzake, m'nyumba yathu yomwe, zipangizo zitaphimbidwa ndi mau atalinganizidwa. Woweruza womaliza ndi mayi wachikulire amene wakhala pa benchi la kumbuyo. Akatuluka atamva liwu lililonse, mopanda kupweteka m'khutu, komiti idziwe kuti ndalama za anthu yazigwiritsa ntchito bwino.